Chifundo cha a Tikitiki pa Manati

M'chaka chimene mvula inakumba msewu wa kumsika n'kuusiya ngati mano a sowo, sabata imene mwana wawo wamkazi, namwino, anabwera kudzapuma pa tchuthi, a Tikitiki, mmisiri wokonza mawotchi, anatsala pang'ono kulandidwa njinga yamoto chifukwa cha kababu kosaposa nyemba.

Kababuko kanali kobiriwira, pambali pa mita ya liwiro, ndipo ntchito yake inali kuphethira pokumbutsa woyendetsa kuti indiketa ikadali chiyakire. Koma kankangopsa. Kakapsa, a Tikitiki ankaiwala kuzimitsa indiketa, n'kumayenda mtunda wonse akulonjeza anthu kuti akhotera kumanzere. Tsiku lina dalaivala wa lole anakhulupirira lonjezolo nalowa mumsewu, ndipo mkuluyo, pozemba, anakagona m'ngalande.

"Ababa, ine mabala ndimatsuka kuntchito, osati pa tchuthi," anatero namwinoyo akuwamanga bondo. "Kababu aka kakapsanso ndisanabwerere, kiyi ndinyamula."

Popanda njingayo, mawotchi a pakhoma a m'masukulu ndi m'maofesi a kutsidya kwa tauni a Tikitiki akanawafikira bwanji? Anatsimphina ulendo wa ku galaja ya mlamu wawo, makaniko, mlongo wa akazi awo.

"Mwabweranso, alamu? Kodi mababuwa mumakazinga?"

"Mababu anu ndi amantha, alamu. Akangoona msewu, akomoka."

Makanikoyo anali atasintha kale mababu, atafufuza mawaya, atasinthanso ngakhale kabokosi koweta mphamvu ya magetsi. Ulendo uno anaika babu lina, napeza manati a pa batire ali wedewede monga masiku onse, nawakunga ndi sipanala uku akutukwana msewu. M'galajamo kababu kanaphethira bwinobwino ngati mwana wosalakwa.

Atafika kunyumba, a Tikitiki anachita zimene ankachita nthawi zonse njinga ikachokera kwa mlamu wawo. Anayala nsalu yoyera pakhonde, anapana kagalasi kawo m'diso, natsegula chivindikiro cha batire. Anapukusa mutu. Mmisiri amene anawaphunzitsa ntchito ankati kasikulu ka m'wotchi kamamangidwa mpaka kanene kuti basi, osati mpaka kalire, ndipo manati awa anali kulira ndithu. Anatulutsa kasipanala kawo konyezimira nayamba kuwapumitsa, pang'ono chabe, mwaulemu.

"Odi kuno!"

Anali makaniko, atanyamula chipewa cha panjinga chimene a Tikitiki anaiwala ku galaja. Anaima pa masitepe, kukamwa kuli yasa.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikukonza nkhanza zanu. Chitsulo nachonso chimafuna kupuma."

Makaniko anakhala pansi, naseka mpaka misozi, kotero kuti namwino anatuluka m'nyumba thaulo lili m'manja.

"Amalume, kwagwanji?"

"Bwera, mwana wa mlongo wanga, udzaone mfiti imene yakhala ikudya mababu anga. Ine kumanga, iwo kumasula! Ine n'kumanamizira msewu!"

"Sindimasula," anatero a Tikitiki atakwinya nkhope. "Ndimafewetsa."

"Wotchi, alamu, imagona padzanja ngati khanda. Njinga imavina m'maenje. Nati ikafewa, waya amadumpha pa batire, ndiye moto wochokera ku injini umasowa pofikira. Umathamangira kwa ana aang'ono, timababu timeneti, n'kutiwotcha. Muli ndi mwayi kuti nyali yaikulu inakukhululukirani."

A Tikitiki anachotsa kagalasi m'diso, nakapukuta nthawi yaitali ngakhale kanalibe fumbi.

"Chitsulo chopanda ulemu chotere sindinachionepo," anang'ung'udza.

"Ndiye kuti wodwala ndi inu, Ababa, osati njinga," anatero namwino, natambasula dzanja.

Mtima wa mkuluyo unagunda kuposa mawotchi onse a m'shopu yawo. Anapisa m'thumba pang'onopang'ono natulutsa kiyi.

"Ayi, Ababa. Kasipanalako."

Anakapereka ngati akupereka dzino. Makaniko anagwada nakunganso manati aja, a Tikitiki atayang'ana kumbali kuti asaone, kenaka anadontheza penti yofiira pa nati iliyonse.

"Pentiyi ikangosweka, ndidziwa kuti chifundo chakugwiraninso."

"Ndipo amalume adzandiimbira foni," anawonjezera namwino.

"Banja la apolisi," anatero a Tikitiki. "Ndinakwatira kupolisi ine."

Tchuthi chitatha, namwino anabwerera kuntchito ndi kasipanala m'chikwama, kiyi anatsala ndi bambo ake, ndipo kababu kobiriwira sikanapsenso.