Mawu a Pageti

Tsiku limenelo kunali mphepo yafumbi, yoti nsalu ukaiyala patebulo imanyamuka yokha. Ndinatsindira diresi la kasitomala ndi simbi kuti lisauluke, n'kupitiriza kusoka.

Ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Chimwalirireni mkazi wanga ndinkakhala kwa mwana wanga wamkazi, m'chipinda chakumbuyo chimene kale ankasungamo njinga ndi makatoni. Mwamuna wake ndi mphunzitsi wa Chingelezi, ndipo Loweruka lililonse masana amayankha mafunso pa wailesi ina yaing'ono ya m'tauni mwathu. Anthu amafunsa kuti liwu lakutilakuti limalembedwa bwanji, linachokera kuti, nanga n'chifukwa chiyani zilembo zina amazilemba koma sazitchula. Ntchitoyo mkamwini wanga amaidziwa. Zimenezo sindikana.

Vuto n'lakuti mafunso amatha. Sabata zina sipapezeka wotumiza, ndiye iye ankakolola kunyumba. Chingelezi changa n'cha pantchito: miyezo, mitundu ya nsalu, moni kwa kasitomala. Akandimva ndikulankhula pafoni ankasiya kutafuna, n'kutchera khutu. Loweruka ankayamba gawo lomaliza la pulogalamu ndi mawu akuti, "Mkulu wina wa kwathu, telala, amanena chonchi." Dzina sankatchula. Koma matelala okhala kwa mkamwini wa pa wailesi alipo angati? Pakhonde ponse anasiya kundiitana dzina langa. Ndinasanduka Mkulu Wina.

Sindinadandaulepo. Ndinkadya kwake.

Masana amenewo wometa anakweza wailesi yake mwadala. Anali mawu a mkamwini wanga, akulengeza za pulogalamu ya Loweruka.

"Sabata ino tiunika mawu amene mayi wina, malemu tsopano, ankatsanzika nawo mwamuna wake pageti m'mawa uliwonse. Chikondi chinalipo, koma galamala inali itapita kumaliro. Musaphonye!"

Phazi langa linaima lokha pa makina.

Mkazi wanga ali mtsikana ankachapa zovala pahotela, ndipo kumeneko anatolako mawu ochepa a Chingelezi. Ena anawaiwala. Ena anawasunga, ndipo ankandiuza m'mawa uliwonse atagwira geti, ine ndikupita kuntchito. Tanthauzo lake linali lakuti ndiyende bwino ndipo ndisachedwe. Sanali olondola. Ine ndinkadziwa, iyenso ankadziwa. Ngakhale pamene ankadwala, ankawanena pawindo. Sindiwalemba pano.

"Eee, tsopano afika kwa adona?" anatero wometa, lumo lili m'mwamba. "Mkamwini wanuyu satsala ndi mafupa omwe."

"Tiuzenitu, a Mkulu Wina," anatero wa mafoni. "Ankati chiyani? Tisachite kudikira Loweruka, ena tili ndi maukwati."

Ndinavindikira makina dzuwa likadalipo.

Kunyumba ndinapeza mwana wanga ndi mwamuna wake akumwa tiyi pabalaza. Sindinakhale pansi.

"Akamwini, mawu a mkazi wanga musawaike pa wailesi."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Bambo, mwaswera bwanji poyamba?"

"Musawaike."

"Dzina sinditchula."

"Langa simutchulanso."

Mwana wanga analowererapo. "Bambo, ndinamuuza ndine. Tinkangokumbukira amayi. Si zachipongwe ayi. Amayi akanakhala moyo akanaseka."

"Akanaseka. Koma palibe."

"Anali amayi anganso," iye anatero. "Kodi ine ndilibe ufulu wowakumbukira?"

"Kumbukira. Usagawe."

Mkamwini anaseka, kuseka kwa m'mphuno kumene amaseka pa wailesi womvera akalakwitsa.

"Bambo, inu simumvetsa ntchito yanga. Cholakwa chimene ankachita malemu, anthu ambirimbiri amachita. Ine ndikachikonza, mwana wa sukulu amakhoza mayeso. Tinene kuti malemu akuphunzitsa mtundu ali kumanda. Ndi ulemu umenewo."

"Ulemuwo apatseni amayi anu."

Nkhope yake inasintha.

"Amayi anga ankalankhula Chingelezi chabwino. Komanso talengeza kale. Anthu akudikira. Ine sindisintha pulogalamu chifukwa munthu wina wakwiya m'nyumba mwanga." Mawu akuti mwanga anawatchula bwinobwino, chilembo chilichonse.

Ndinapita kuchipinda kwanga. Pamsomali panali jekete lake labuluu, limene anandipatsa kuti ndilikonze mkono. Mkamwini wanga salowa pa wailesi wopanda jekete limenelo, ngakhale kuti pa wailesi palibe amene amakuona. Ndinalikonza. Ndinalisita. Tsiku lotsatira atalifunsa ndinati silinathe.

Loweruka m'mawa anafunsanso. Ndinati ndimupititsira komweko. Anachoka akung'ung'udza za amisiri osasunga nthawi.

Nyumba ya wailesi ili pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Mlonda ataona jekete pahang'ala anandilozera masitepe osafunsa zambiri. Pamwamba panali kanjira kopapatiza, mipando yapulasitiki, ndi chitseko chokhala ndi getsi lofiira. Ndinakhala pampando, jekete lili pamiyendo.

Mkamwini anatuluka m'chipinda china atanyamula mapepala.

"Mwachita bwino. Bweretsani."

Sindinapereke.

"Bambo, nthawi yatha."

"Mawu aja."

Anayang'ana uku ndi uku, n'kuwerama pafupi ndi khutu langa. "Pano si pakhonde panu. Musandichititse manyazi. Perekani jekete, muzipita."

Pamenepo panafika mayi wina wamagalasi, woyang'anira mapulogalamu. Anafunsa ngati pali vuto.

"Palibe, madamu. Ndi apongozi anga. Akubwerera."

"Apongozi? Atelala aja?" Mayiyo anawomba m'manja. "Ndiye Mkulu Wina alipodi! Omvera amatifunsa sabata iliyonse ngati simumangopeka."

Ndinamuuza mayiyo zimene ndinabwerera. Sindinachulukitse mawu. Iye anakanda pachipumi ndi cholembera, n'kuyang'ana mkamwini.

"Madamu, ndikachotsa zimenezo, gawo lomaliza ndiikamo chiyani?" anatero mkamwini. "Mphepo?"

"Ikanimo ine," ndinatero.

Onse anandiyang'ana.

"Ndilankhula Chingelezi changa. Muzindikonza anthu akumva. Za mkazi wanga muzisiye."

Mayiyo anavomera msanga, ngati munthu amene watola ndalama pamsewu. Mkamwini sanathe kukana pamaso pa bwana wake. Anatenga pepala loyera n'kuyamba kulembapo mawu, akudinikiza cholembera mpaka pepala kuboola.

"Mwafuna nokha," anatero osandiyang'ana.

Ndinamupatsa jekete.

Chipinda choulutsira mawu n'chaching'ono kuposa changa. M'makoma anamatamo masiponji, ndipo mulibe windo, koma galasi loonera kumene kumakhala mayi uja ndi makina ake. Anandiveka zomvera m'makutu zonunkha mafuta a tsitsi a munthu wina. Ndinakhala duu mkamwini akuyankha mafunso. Wina anafunsa kusiyana kwa mawu awiri omveka mofanana. Wina anafunsa ngati liwu lina linachokera ku Chifalansa. Anayankha bwino, mosajejema. Kenako anandiyang'ana.

"Omvera, lero tili ndi mlendo. Mkulu Wina wabwera yekha, ndi miyendo yake. Bambo, tawerengani liwu loyamba."

Linali liwu la Chingelezi lotanthauza mpeni. Ndinaliwerenga monga linalembedwera, kuyambira chilembo choyamba.

"Mwamva, omvera? Chilembo choyambacho sititchula. Kalekale ankachitchula, lero ayi. Bwerezani, bambo."

Ndinabwereza chimodzimodzi.

"Ndati sititchula."

"Nanga anachiikiranji?"

"Ndangofotokoza kumene."

"Ine batani ndikasokerera, limamanga. Lopanda ntchito ndimachotsa."

Kuseri kwa galasi mayi uja anagwira pakamwa. Mkamwini sanaseke. Anandipatsa liwu lachiwiri, lachitatu, onse osankhidwa dala, odzaza ndi zilembo zogona. Ndinapunthwa pa lililonse. Ankandibwerezetsa ngati mwana wa sitandade wani, ndipo ndikalakwitsanso ankatsanzira katchulidwe kanga kuti omvera amve bwino. Anandiuza kuti ndipange chiganizo chouza kasitomala kuti thalauza lake latha. Ndinapanga. Anachiphwasula liwu ndi liwu, n'kunena kuti mwa zolakwa zonse zimene wamva chaka chino, izi zinali zonenepa. Mafoni anayamba kulira. Mnyamata wina ankaseka mpaka kulephera kufunsa funso lake. Mawu ena ndinawazindikira: anali a wometa, akupereka moni kwa Mkulu Wina m'malo mwa khonde lonse.

Thukuta linkatsika m'khosi mwanga. Ndinapirira. Tinagwirizana choncho.

Kenako anaimba mayi wina.

"Aphunzitsi, zikomo, taseka. Koma munatilonjeza za mayi uja wa pageti. Ife tasiya zochapa kudikira zimenezo."

Mkamwini anamwetulira. Ndinaona maganizo akumufikira.

"Mayi, mwafunsa bwino. Mwamwayi mwini wake wa nkhaniyo ali pompano. Ndi amene ankatsanzikidwa pageti paja. Bambo, tauzeni omvera. Malemu ankati chiyani?"

Anakankhira maikolofoni kufupi ndi pakamwa panga.

Sindinayankhe.

"Bambo, omvera akudikira."

Ndinamuyang'ana. Tinali pafupi moti ndikanatha kumuyeza khosi popanda kuimirira. Ndinkaona ulusi wanga pamkono wa jekete lake.

Pa wailesi, chete ndi chinthu choopsa. Ndinaziphunzira tsiku limenelo. Mayi wa kuseri kwa galasi anayamba kuzunguza dzanja m'mwamba. Wa pafoni uja anati, "Halo? Halo? Kodi yaduka?" M'makutu mwanga ndinkamva kupuma kwa mkamwini, ndiye kuti tauni yonse inkakumvanso. Mawu a mkazi wanga aja mkamwini anali nawo, atalembedwa papepala lake, pansi pa chala chake. Akanatha kuwawerenga yekha. Anatsegula pakamwa. Ine sindinaphethire. Ndakhala ndikudikira makasitomala osalipira moyo wanga wonse, ndipo kukhala chete sikunditopetsa.

Anatseka pakamwa. Anayang'ana pepala, anayang'ana ine, kenako galasi. Mayi uja tsopano ankamenya galasi ndi cholembera.

"Omvera," anatero mkamwini, "nthawi yatithera. Nkhani imeneyo taisiya."

Nyimbo inalowa. Getsi lofiira linazima.

Anavula zomvera m'makutu n'kuziponya patebulo. M'kanjira muja anandigwira mkono, chinthu chimene mkamwini sachita.

"Mwandipha pantchito panga. Mukudziwa kuti chete ngati ameneyo amachotsetsa munthu ntchito? Mumadya kwanga, mumagona kwanga, magetsi ndi anga, ndiye mubwere kudzandivula pamaso pa bwana?"

"Tinapangana. Mwaphwanya ndinu."

"Mawu anayi okha! Olakwikanso!"

"Ndi anga."

"Ndiye mukawadye," anatero. "Tiona ngati amakhutitsa."

Ndinachotsa dzanja lake pamkono wanga, n'kutsika masitepe. Mlonda anali ndi kawailesi pathumba la malaya. Atandiona anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Ndinadzera kusitolo ya zitsulo. Pakhonde anandilandira ndi m'manja, wa mafoni akutchula liwu la mpeni monga ndinalitchulira ine. Wometa anati ndalama yometera sadzandilipiritsanso, poti tsopano ndine munthu wotchuka. Ndinalowa m'sitolo n'kufunsa mwini wake ngati kachipinda kakuseri, kosungiramo mapaipi, kangakwane matiresi. Anati kangakwane, bola ndisamasute.

Nditafika kunyumba, mwana wanga ndinamupeza ataima pageti, maso ali ofiira. Anali atamva zonse pa wailesi, ndipo mwamuna wake anali atamuimbira kale.

"Bambo, mwapindulanji? Tauni yonse ikukusekani. Kunyumba kuno moto. Zonsezi chifukwa cha mawu amene ine ndemwe ndimawadziwa, oyandikana nafe akale amawadziwa."

"Kudziwa si kuseka."

"Mukangomupepesa zitha. Ndi wamtima wapachala, koma zimatha."

"Ndipepese chiyani?"

Ananditsatira mpaka kuchipinda, n'kuima pakhomo ndikupinda malaya anga. Anati ndine wouma mutu, amayi ankanena zoona. Ndinati ankanenadi. Anati anthu adzati wathamangitsa bambo ake. Ndinati adzandifunse ine.

Potuluka anandigwirira geti. Anakoka mpweya ngati akufuna kunena kanthu, ndipo ndinadziwa mawu amene anali pakamwa pake. Ndinapukusa mutu. Anawameza.

Ndinamangirira matiresi panjinga, chikwama pamwamba pake, n'kuikankha kupita kusitolo ya zitsulo.