Kulemera kwa Nyali ya pa Mlatho

A Chikhadwe analota ataima pansi pa nyali ya sola ya pa mlatho wa kwawo. Dzuwa linali paliwombo, koma tsidya linalo kunali mdima wa ndiweyani, ndipo nyaliyo inali chiyakire.

Kunafika amuna awiri a ku ofesi ndi sikelo yopachika, yonga ija mavenda amatibera nayo nandolo. Anati atumidwa kudzayeza phindu la nyaliyo. Ikapepuka aizula, akaizike ku msewu wa tala, kwa eni mipanda ya njerwa. Anatunga kuwala ndi chidebe, kuthira m'thumba, n'kupachika. Muvi sunasunthe.

Wamtali mwa awiriwo anafotokoza mwaulemu kuti chiikireni nyaliyo palibe amene wakadandaula kuti wafwambidwa pamlathopo, choncho malowo ndi amtendere, nyali ikungowonongekapo.

A Chikhadwe analavula malovu, n'kulamula kuti amene sanafwambidwewo aitanidwe. Anabweradi, akutuluka mumtsinje zovala zili zouma gwa: azimayi a mandasi, wakabaza ndi njinga yake, atsikana a kuchigayo ufa uli pamutu. Onse analowa m'thumba muja. Muvi utayamba kutsika, wamfupi anautsekereza ndi chala, maso ali kumwamba.

Pomaliza anatuluka Nangondo, mkazi wa a Chikhadwe, amene achifwamba anamukhapa pomwepo chaka chija kunalibe nyali.

"Akufa sitiyeza, mayi," anatero wamtali.

Nangondo sanamuyang'ane n'komwe. "Bambo a Tiyese, gwirani chitsulo cha nyalicho. Musachisiye."

Mkuluyo anachikumbatira. A ku ofesi anatenga makasu n'kuyamba kukumba, koma anapeza zala za kumapazi kwake zitamera mizu, itapota tsinde la nyali, italowa mpaka pansi pa mtsinje. Anamuuza kuti akutsekereza chitukuko. Iye anayankha kuti chitukuko chawocho akuchidziwa bwino, kuyambira ali mnyamata chimangomuponda pamsana popita kwa ena.

Kenaka kuthambo kunamveka mawu a mwana wake Tiyese, akumugwedeza phewa, akuti kwacha kale, tiyi akuzizira. Mlatho unayamba kusungunuka. A ku ofesi anasiya kukumba, n'kutsamira makasu, akumwetulira, kudikira.

Nyali inawerama mpaka pakhutu pake, n'kunong'ona.

"Madala, mukangotsegula maso andinyamula."

A Chikhadwe anafinya zikope mpaka mutu kuwawa, nazika chibwano pachitsulo.

"Tiyese, imwa wekha tiyiyo. Ine sindidzuka."