Oyilo wa Alamu

Giya yachiwiri inakana kulowa galimoto itayamba kale kutsika phiri. Stoimen anaponda kilachi, nakankhanso ndodo ya giya. Inalimba ngati yazikidwa m'phula.

"Bambo, mukuthamanga," anatero mkazi wake Zlatka, atagwira chitseko ndi manja onse awiri.

"Ndaona, mayi. Tangokhalani chete."

Msewu wochoka kumudzi kwawo kupita ku Smolyan ndi wokhotakhota, ndipo m'mawa umenewo unali utakutidwa ndi madzi oundana. Pamsewu wotero munthu satsika ndi mabuleki, amatsika ndi giya. Stoimen ankazidziwa bwino zimenezi. Kwa zaka zitatu ankadutsa pamenepa katatu pa sabata, kupititsa mkazi wake kuchipatala kukatsukidwa magazi. Impso za Zlatka sizinkadikira kuti kunja kuche bwino.

Dzulo lake giyabokosi inali itayamba kulira. Mlamu wake Radoi, mchimwene wa Zlatka, anabwera ndi chigubu cha oyilo wa thirakitala, wa mumgolo umene mudzi wonse unkatungamo chithereni famu ya boma.

"Oyilo ndi oyilo, alamu," anatero Radoi. "Inu aphunzitsi ngakhale kuyetsemula mumayamba mwafunsa buku. Thirakitala yanga yamwa yemweyu zaka makumi atatu, munaimva ikukhosomola?"

Stoimen anaseka, nabweza buku la galimoto pamalo pake osalitsegula. Anachita manyazi kukana.

Tsopano oyilo uja anali atagwirana ndi kuzizira ngati uchi wa chaka chatha. Giya yachitatu inali itatuluka, yachiwiri osalowa, galimoto ikungodziyendera. Anakhudza buleki pang'ono, matayala akumbuyo naterereka kuloza kuphompho. Anachotsa phazi msanga. Kutsogolo kunali khona lija la mitanda itatu, ya anthu amene anapitirira osakhota.

"Amayi a Mulungu, tigwireni," ananong'ona Zlatka.

Stoimen anabweza ndodo pakati, nasiya kilachi, naponda moto mpaka injini inabangula. Anapondanso kilachi, nakankha ndi phewa lonse. Zitsulo zinakukutana ngati mano a munthu wamalungo. Giya inalowa. Galimoto inadzigwira, nikhota mwapang'onopang'ono, mitanda ija ikudutsa pafupi ndi zenera la Zlatka.

Mtunda wonse wotsala anautsika pa giya yomweyo.

Zlatka atalumikizidwa pa makina, Stoimen anapita ku galaja ya mayi Todorka. Makanikoyo atamasula pansi pa giyabokosi, oyilo anatuluka mwaulesi. Anamupaka pachala, namuonetsa padzuwa. Munali tizidutswa tonyezimira.

"Mwauona mkuwawu? Ndi wa timphete timene timalowetsa giya. Lero mwatikukuta, ndipo oyilo ameneyu akanatidya tonse pofika Pasaka. Wakupatsani ndani?"

"Alamu anga."

"Munayambana?"

"Ayi, amatikonda kwambiri."

"Ndiye oopsawo amenewo. Safunsa anadya phula, achikulire."

Stoimen anatulutsa buku lija, nafufuza tsamba lake. Nambala ya oyilo anaiwerenga mokweza kawiri, naiyerekeza ndi ya pabotolo mayiyo asanathire dontho.

Pobwerera masana, magiya ankalowa ngati mpeni m'batala. Zlatka anali atatsamira zenera, wotopa monga mwa masiku onse otere.

"Radoi musamuuze za pakhona paja," anatero maso ali chitsinzinire. "Angafe ndi chisoni."

"Sindimuuza."

Atamugoneka, Stoimen anatenga choko chimene chinatsala m'thumba la jekete yake ya kusukulu. Ananyamula chigubu chija mpaka kushedi ya mudzi, nakhuthulira oyilo wotsala mumgolo. Kenaka analemba pamgolopo ndi zilembo zazikulu, zija ankalembera ana a kalasi yoyamba: WA THIRAKITALA BASI.