Kunenerera Zaka za a Caetano

A Caetano atapuma ntchito ya uphunzitsi ku Fonte Boa, m'mutu mwawo munalowa mota, njinga yamoto ija. Osati ng'ombe, osati malata, mota! Ndalama zimene anasunga kubanku moyo wawo wonse ankafuna kuzikwera n'kumathamanga nazo mumsewu wa ku Ulongwe.

Akazi awo, mayi Quitéria, aja ogulitsa kachewere pa Kalomwe, anakana kwamtuwagalu.

"Ya reforma, penshoni yanu yapamweziyi, ikuthera sopo ndi mchere. Zosungazo zikatha tidzatafuna matayala?"

Mkangano unakula mpaka mwana wawo Hortência anabwera kuchokera ku Tete ndi telefone yake. Anati m'menemo muli timakina towerengera zimene munthu wopuma ntchito angamatape pamwezi kuti zosunga zisathe iye akali moyo. Anapangana kuti chimene kanene kamakina, nkhani yathera pomwepo.

Kamakina koyamba sikanafunse zambiri. Kanangoganiza kokha kuti aliyense amafika zaka noventa, ndiye kuti 90, n'kunena kuti mota ayi.

"Kabodza aka," anatero a Caetano. "Kakundidziwa ine? Peza kena."

Kachiwiri kanali kofunsafunsa. Hortência anawerenga, n'kukanda m'mutu.

"Ababa, akuti mukuganiza kuti mudzafika zaka zingati."

Mayi Quitéria analavulira pambali. Funso lotere n'kumufunsa munthu ali tsonga pampando? Koma amuna awo maso anali atawala. Anazindikira kuti zaka zikachepa, ndalama zikwana.

"Lemba setenta."

"Ababa, makumi asanu ndi awiri? Ndiye kuti zatsala zisanu zokha!"

"Lemba, iwe."

Kamakina kanavomera mota. Bambo wamkulu anadzuka n'kuvina, manja atagwira zogwirira za mota yosaoneka.

Mayi Quitéria sanakalipe. Kukalipa n'kutaya malovu. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi chingwe chosokera matumba, n'kuyamba kuwayeza amuna awo kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mukutani, amake Hortência?"

"Imani bwino. Matabwa akukwera mtengo, ndimuuziretu kalipentala Natanael ayambe kukhoma bokosi. Mwanena nokha pamaso pa mwana. Motayo musaivutitse, ifike yabwino kwa mng'ono wanu Alcides. Maliro akangotha abwera kudzaitenga."

"Alcides? Uja anandithyolera njinga?"

"Yemweyo. Azidzadutsa nayo pamanda akuliza belu."

Kuvina kunatha. A Caetano anakhala pansi.

"Hortência, lemba setenta e cinco. Ndawonjezera zisanu."

"Noventa e cinco," anatero mayi. "Sinditsika."

"Kodi ndine thumba la kachewere?"

"Thumba la kachewere silidzitsitsa lokha mtengo. Kwezani."

"Setenta e oito, zina zitatu. Mawondo akundipweteka kale."

"Mawondo sapha munthu. Amayi anu anafa akulima, mano onse ali m'kamwa."

Pamenepo anachita zimene amawachita ogula a ku Dedza akamauma mutu. Anakulunga chingwe, anamanga chitenje, n'kuyamba ulendo wa kwa Natanael osacheuka. Ankadziwa kuti safika pamtengo wa pichesi wa pabwalo asanaitanidwe.

"Bwererani! Oitenta e cinco!"

Anaima. Zaka zinali zafika pa 85.

"Ikani basela."

"Basela pa moyo wa munthu?"

"Ziwiri."

Hortência, misozi ya kuseka ili mbwee, analemba oitenta e sete, zaka 87. Kamakina kanayankha msanga: mota ayi. Koma akamatapa pang'onopang'ono, adubu, feteleza uja, azigula chaka ndi chaka, ndipo matayala atsopano a njinga atheka mwezi womwewo.

"Mwandibera mota," anadandaula a Caetano.

"Ndakugulirani zaka zonsezi osalipira kanthu, mukulira chiyani? Hortência, kameneka usakafufute. Kamamva munthu akamanenerera."

Chingwe chija anachipachika pamsomali pafupi ndi chitseko. Mota ikadutsa pamsewu a Caetano n'kutukula khosi, mayi amangoloza pamsomalipo ndi mlomo.