Chimango Chozungulira cha Kamera ya Bambo

"Ichi ndiye chikugwetsa mtengo," anatero wojambula wa pamsika, mnzawo wa malemu, akugogoda ndi chala kumbuyo kwa kamera imene anabwera kudzagula.

Kamerayo inali yamatabwa, ya mvukuto wakuda, ndipo inali chiimire pa miyendo yake itatu pakati pa situdiyo, pomwe bambo anaisiya popita kuchipatala. Maliro anali atatha, abale atabalalika, ndipo mwini nyumba ankafuna chipinda chake. Mwana wamwamuna wa malemu ndi mlongo wake anabwera kudzalongedza. Amayi awo anangokhala pa mpando wa makasitomala, manja pamiyendo.

"Chalakwa n'chiyani, ankolo?" anafunsa mwamunayo.

"Kulemera, mwanawe. Iyi ndi kamera yoyenda nayo, kumaukwati, kumasukulu. Chimango chake chenicheni, chogwira galasi ndi filimu kumbuyoku, umamasula, kuchitembenuza, n'kubwezera, chithunzi chaimirira kapena chagona. Basi. Koma abambo ako anakaikitsa chozungulira ichi, chachitsulo. Ine ndinawaseka. Ndinati, akulu, ulesi wake mpaka wa kumasula tizitsulo tiwiri?"

"Ndiye mutenga?"

"Lenzi, diso lakutsogololi, ndi miyendo. Zinazo palibe angazifune, anthu akujambula ndi foni."

Mlongoyo anasiya katoni imene ankamanga. "Achimwene, mulola aiphwasule ngati galimoto yakufa?"

"Ndikaisunge pati? Kwanga ana akugona pabalaza. Kwako denga likudontha. Nanga ukudziwa kujambulira?"

Mlongoyo anabwerera ku katoni yake. Palibe mwa awiriwo amene anaphunzira. Bambo ankawaitana kuti adzaone, iwo ankati mawa.

"Sunali ulesi," anatero amayi, osadzutsa mutu. "Anali manja."

Onse anatembenuka.

"Zala zinasiya kugwira. Tsiku lina akumasula chimango chakale chija, chinawapulumuka, galasi n'kuphwanyika pamaso pa mkwatibwi. Ndi pomwe anakachisinthitsa. Ichi ankangochikankha ndi chikhatho."

"Bwanji simunatiuze, amayi?" anafunsa mwana wamkazi.

"Ankati mukadziwa muwakhazika pakhonde aziwerenga magalimoto."

Wojambula uja anavula chipewa n'kumachizunguliza m'manja. "Ine ndinkawapeza atatula pamsewu, akupuma. Ndinkati mwadzifunira nokha, katundu wa bulu." Anafuna kuseka, koma sizinatheke.

"Ndiye chinawathandiza chiyani?" anafunsa mwana wamwamuna. "Manja chinapulumutsa, msana ndi mtima chinamaliza. Tikanadziwa, bwenzi tikumawanyamulira."

"Mwina," anatero amayi. "Kaya."

Kunja ngolo yodzatenga mabenchi inali itafika, mwini wake akuimba belu. Mlongoyo anayang'ana khoma, pomwe zithunzi zimene anachotsa zinasiya mabala oyera. Wojambula anatulutsa chomasulira m'thumba, nayang'ana mwana wamwamuna. Iye anagwedeza mutu kuvomera.

"Dikirani kaye."

Amayi anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo. Anatenga nsalu yakuda imene inali pamsomali, naikung'untha fumbi.

"Inu awiri, kaimeni apo."

"Mulibe filimu, amayi," anatero mwana wamkazi.

"Ndikudziwa. Kaimeni."

Anakaima patsogolo pa chinsalu chojambulidwa maluwa, motalikirana ngati alendo. Amayi anadzifunditsa nsalu ija n'kuyandikiza nkhope pa galasi. Ana awo anaonekera mmenemo chadodolido, aang'ono, akuwala ngati ali m'madzi.

"Yandikiranani. Iwe wamtaliwe, mutu wako sukulowa."

Mwamunayo anayamba kupinda maondo.

"Usawerame. Abambo ako sanaweramitsepo munthu."

Dzanja la amayi linatuluka m'nsalu, n'kupapasa m'mphepete mwa chimango. Sanachigwire ndi zala. Anaika chikhatho pakona pomwe utoto unali utatha, nakankha. Chitsulocho chinazungulira mofewa, n'kulira kuti kha.

Ana aja anaima chilili, mapewa atagundana, akudikira kuuzidwa kuti zatha. Wojambula anali poteropo, chomasulira chili m'manja. Belu la ngolo linaliranso. Amayi sanatuluke m'nsalumo, ndipo panalibe amene akanatha kuwauza kuti atuluke.