Tishirimpi ta Atelala

"Kenanso kafa," anatero Nesi, akukweza kaukonde m'madzi. Kashirimpi kamizeremizere kanali chagada, timiyendo tili zii. Anakaika pa sosala pamene panali kale tina tiwiri.

Azakhali ake, amene ankapinda mabulangete a anthu obwera pamaliro, sanatembenuke n'komwe. "Mwanawe, taika munthu m'manda dzana lomweli, iwe ukulira tizilombo?"

Nesi analuma mlomo. Dzinali anamupatsa apabanja chifukwa cha ntchito yake ya kuchipatala, ndipo lero anali nesi wa odwala amene sankadziwa mankhwala awo. Bambo ake, amene msewu wonse unkawatchula kuti Atelala, bondo litawaletsa kupalasa makina osokera, anaika mathanki atatu agalasi m'chipinda chochezera. Ankawetamo tishirimpi, tinyama tam'madzi tosatalika kuposa theka la mtengo wa machesi. Tofiira tinali ndi thanki yake, tachikasu yake, tamizeremizere yakenso. Koma pa tsiku la maliro mipando inasowa malo, ndipo azakhali analamula kuti tonse titsanulidwe mu thanki imodzi, awiri enawo apite pakhonde.

"Madzi ndi madzi," anatero azakhaliwo. "Ndikanakhazika alendo pamutu panga?"

"Si madzi amodzi, azakhali. Tamizeremizereti timafuna madzi ake, bambo ankachita kuwakonza okha. Ndipo tofiira tikakwerana ndi tachikasu, ana ake amabadwa otuwa ngati dothi. Zaka zisanu ndi chimodzi akusankha, inu mwasakaniza ndi chidebe chimodzi."

"Ndiye ukandisumire kumanda."

Nesi anali atabweza kale mathanki awiri aja m'nyumba, ndipo chiyambire m'mawa ankavuula kamodzikamodzi. Koma tinthuti n'tochenjera. Ukati wakakola, kadumpha chammbuyo n'kulowa m'ndere. Dzuwa linafika pamutu atangopatula makumi awiri, msana ukuwawa, manja a bulauzi atanyowa mpaka m'zigongono.

Mlongo wake analowa foni ili m'manja. "Achemwali, ndalankhula ndi mwini sitolo ya ziweto uja. Akuti abwera madzulo ano kudzatenga zonse, mathanki ndi mapampu omwe."

"Wafunsa ndani?"

"Ndifunse ndani? Inu mukubwerera ku ntchito Lolemba. Ine kwanga n'kutali, ndipo kachipinda kanga mukukadziwa. Amayi sanatuluke kuchipinda chichokereni kumanda. Adzazisamala ndani? Kapena mukufuna zizifa kamodzikamodzi, amayi akuonerera?"

"Wanena zoona mwanayu," anatero azakhali. "Ndiponso achimwene anga, Mulungu awalandire, zinawalowa m'mutu zimenezi. Munthu wamkulu kumagwadira madzi!"

Nesi anawerama. Pansi pa tebulo panali zigubu ziwiri za madzi ndi kabotolo ka ufa woyera, zonse zosalembedwa kanthu. Bambo ake anamufotokozera muyezo wake kangapo konse pa foni, iye n'kumangoti "eya, bambo, eya," maso ali pa zina. Tsopano sankakumbuka ngati inali supuni imodzi kapena theka, ngati chigubu cha tamizeremizere chinali chakumanja kapena chakumanzere. Anatsegula chimodzi n'kununkhiza, ngati kuti mphuno ingamuuze. Anamenya chivindikiro ndi chikhatho.

"Mwaona?" anatero mlongo wake, mawu atafewa. "Ngakhale inu simukudziwa."

Nesi anamizanso kaukonde mwaukali, madzi n'kukhavukira pansi. Atakakweza, munali kashirimpi kotuwa, kopanda mtundu uliwonse. Anakayang'ana osadziwa thanki yoti akaikemo.

"Kotereko mutaye," anatero mlongo wake. "Wasitolo uja wanena kuti totuwa safuna, timawononga mbewu."

"Bwera nako kuno."

Onse anatembenuka. Amayi anali ataima pakhomo la kuchipinda, mpango wakuda uli kumutu, kapu yapulasitiki ili m'manja. Anayenda pang'onopang'ono, natunga madzi a mu thanki, natchera kapuyo pansi pa kaukonde. Kenako analoza ndi phazi.

"Chigubu chakumanzere n'cha tamizeremizere. Ufawo theka la kasupuni kali m'botolomo. Usathire kamodzi, uzidontheza."

"Amayi, inu mumadziwa?"

"Ukuganiza kuti ankanyamula zigubuzi ndani, ndi bondo lija?" Anayang'ana mwana wawo wamwamuna. "Umuuze wasitoloyo asavutike."

"Koma amayi..."

"Ndamva zonse. Khomali ndi lopyapyala."

Azakhali anakutumula bulangete mwamphamvu kuposa mmene linkafunikira.

Amayi anabwerera kuchipinda atagwira kapu ndi manja awiri, Nesi ali pambuyo. Chikulireni sankalowamo wamba m'chipinda cha makolo ake. Kumbali kumene ankagona bambo ake, pa tebulo la makina akale osokera, panali thanki yachinayi, yaing'ono, yomatidwa pakona pamene inang'aluka. Munali tishirimpi tambirimbiri, tonse totuwa, tina tamawangamawanga, tonenepa bwino, tikutola chakudya pa tsamba louma.

"Ngakhale upatule chotani, totere timabadwabe," anatero amayi. "Anzawo oweta ankawauza kuti totere azidyetsa nsomba. Iwo ankavomera, eya, eya, akabwera kuno n'kumatibisa. Tokongola tija n'ta alendo. Akadzuka, moni woyamba unali wa iti."

Anapendeketsa kapu mpaka mlomo wake unakhudza madzi, nadikira osafulumiza, kufikira kashirimpiko kanatuluka kokha. Kenako anawerama, nagogoda galasi kawiri ndi chikhadabo.

"Mwadzuka bwanji, akuluakulu?" anatero motsitsa mawu, m'kalankhulidwe kamene sikanali kawo.