Mwala Woopa Madzi

A Folomani anali ndi mwala umodzi wokha, koma ulemu umene mwalawo unkalandira pakhomopo ngakhale mwana wawo weniweni sanaulawepo. Ufolomaniwo linali dzina chabe lowakanirira, poti mgodi wa kopa umene ankagwirako unatsekedwa kalekale. Mwalawo unali wabuluu, wowala ngati galasi, waukulu ngati chala chachikulu. Anautola ali mnyamata m'ngalande yakale ya mumgodi, mmene madzi odontha m'miyala ya kopa amauma n'kusiya timiyala totere pakhoma. Anzawo pofunsira mbeta ankapereka mipango ndi sopo wonunkhira, iwo anapereka mwala. Ndipo mkazi analola, taonani zinthu zake!

Mayiwo anauika m'botolo la jamu, kumanga chivindikiro zolimba, n'kuukankhira kuseri kwa mapoto m'kabati ya pansi pa sinki. Zaka zonse za banja lawo unakhala mumdima momwemo. A Folomani akadandaula kuti mphatso yawo yanyozeka, mayi ankangoti, "Ulipo, sunathawe."

Mayi atamwalira, mwana wawo anabwera ndi mkazi wake kudzakhala nawo. Mpongoziyo anali munthu wabwinobwino, vuto lake linali limodzi: ukhondo. Chilichonse chimene chaima malo amodzi ankachitsuka. Makatani, zitseko, mababu, ngakhale chipewa chachitsulo cha kumgodi anachikwecha mpaka chinasanduka chachilendo kwa mwini wake. A Folomani mtima unali m'mwamba. Chotsala cha mkazi wawo chinali mwala uja basi, ndipo unali pansi pa sinki penipeni, kumalo a mdani.

"Apongozi, tabwerani," anatero tsiku lina atanyamula botololo. "Uwu si mwala wamba. Ndi wofewa, mpeni umaukanda. Mukaunyambita umawawa ngati msomali wadzimbiri, koma musayerekeze, ndi poizoni. Katswiri wa miyala kumgodi kuja anandiuza yekha: muli kopa, muli salufa, ndipo m'kati mwakemo muli madzi. Koma ukangokhudza madzi akunja umasungunuka ngati shuga mu tiyi."

"Ndamva, bambo."

"Kumva ndi kwina. Ine ndikuti musauyandikire."

Tsiku lomwelo anausamutsa. Botolo la jamu analiponya m'bini, ati manyazi, chuma chotere n'kumakhala mokhala jamu. Mwala anauika pa sosala, pazenera la kuchipinda kwawo, pomwe dzuwa limaswa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Inali nyengo yotentha, malata akuthetheka. Chitseko anakhoma, kiyi anamangirira pachingwe n'kuvala m'khosi. Anasangalala kwabasi. Ankakhala pabedi kuuyang'ana ukuwala, n'kumauza malemu chamumtima kuti, mwaona mmene amasungira chinthu anthu odziwa?

Posakhalitsa m'mbali mwa mwala munayamba kutuwa. Anati ndi fumbi, anauzira, koma silinachoke. Ndiye anazindikira, mwa nzeru zawo, kuti ndi chinyontho cha kukolopa kwa mpongozi chikulowera pansi pa chitseko. Analetsa kukolopa m'khonde, anatseka mpatawo ndi nyuzipepala, n'kuusendezera mwalawo pafupi ndi galasi kuti dzuwa liuumitse bwino. Ukatuwa, iwo kuwonjezera dzuwa. Ukatuwiratu, iwo kukwiyira mpongozi. Mwana wawo akati alankhulepo, ankamudula: "Iwe unayamba watsikako pansi pa nthaka?"

M'mawa wina anapeza mwala wonse wayera mbuu. Anaukhudza ndi chala, unangoti fwa, kusanduka ufa. Chisoni chinawagwira ngati maliro ayambiranso, ndipo poti kulira ankakuona ngati kwa ana, anasankha kukalipa.

"Apongozi! Mwandiphera mwala wanga!"

Mpongozi anabwera chothamanga kuchokera kukhitchini, chiguduli chonyowa chili m'manja monga mwa nthawi zonse. "Ine, bambo? Kiyi ali m'khosi mwanumo."

"Madzi anu safuna kiyi! Lowani, muone ntchito ya manja anu."

Poloza ndi mkwiyo, dzanja lawo linagunda sosala, ufa wonse mbwee pazenera. Tsono chizolowezi sichipempha chilolezo. Munthu asanaphethire, mpongozi anali atapukuta kale, kamodzi kokha, pazenera pali mbee.

Kenako onse awiri anayang'ana chigudulicho. Chinali chabuluu. Buluu yemwe uja, wa mumgodi, wa tsiku lofunsira mbeta.

A Folomani anakhala pabedi. Mawu awo omwe, amene anawalalikira aliyense wolowa m'nyumbamo, anawabwerera: m'kati mwakemo muli madzi. Anawanena zaka zonsezi osawamvetsera. Dzuwa lawo lija ndi limene linamwa madziwo. Mkazi wawo, amene sanafunsepo za salufa, anangotseka chivindikiro n'kuiwala, ndipo mwala unakhala. Iwo anaukonda, ndipo unafa ndi ludzu.

"Pepani, bambo," anatero mpongozi. "Ndikachichapa pompano."

"Ayi! Chonde, apongozi, chimenecho musachichape." Anayang'ana pansi. "Kodi m'nyumba muno mungapezeke botolo lopanda kanthu? La chivindikiro?"

"Lilipo la jamu lija munataya, bambo. Ndinalitola, ndinalitsuka."